Munthu Wogona Bedi Langa Masana

9 Malichi

Okondedwa amake ana,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi ana. Ine ndili moyo, kungoti msana wayamba kundikumbutsa zaka zanga. Ndamva kuti mwendo wa amayi anu ukupola. Muwapatse moni, koma za msanazi musawauze, angayambe kunditumizira mankhwala awo owawa aja. Ndaganiza zomalemba makalata chifukwa pafoni mumandidula mawu ndisanamalize kudandaula.

Ndasamuka. Kumene ndinali kuja anakweza mtengo, ndiye ndapeza chipinda chotsikirako, koma kutsika kwake kuli ndi chifukwa. Bedi ndi limodzi, ogonapo ndife awiri. Musadzidzimuke, sitigona nthawi imodzi. Ine ndimagwira ntchito masana n'kumagona usiku, mnzangayo amagwira usiku n'kumagona masana. Ndikamachoka m'mawa amakhala asanafike, ndikamabwera madzulo amakhala atapita. Anakonza zimenezi ndi mwini nyumba, amene tonse timawatchula kuti a Makiyi chifukwa cha mulu wa makiyi umene umalira m'chiuno mwawo. Akuti anthu ogawana bedi ndi bwino asamaonane. Choncho munthuyu sindinamuonepo, ndangomutcha Wamasana.

Koma kumudziwa ndiye ndamudziwa. Thaulo lake amalipachika pamsomali wanga, lonyowa. Masilipasi anga ndimawasiya atayang'ana kukhomo, ndimawapeza atayang'ana kukhoma. Zenera amalisiya lotsekula, fumbi mbwee pa pilo. Mashiti aliyense ali ndi ake, timayala ndi kuyalula, koma matiresi ndi amodzi, ndipo iye wawakumba dzenje chakumanzere. Ine ndikagona ndimangogubudukira m'dzenje la munthu wina. Munthu woleredwa bwino angatero?

Ntchito ndi yomwe ija, kochapira nsalu za m'mahotela. Mumandinena kuti ndine wovuta ndikamati anthu ndi auve, koma ine ndili ndi umboni. Tsiku lonse ndimalandira zimene anthu olemekezeka asiya m'mashiti: mafuta a nyama, utoto wa milomo, masanzi, chingamu, wina mpaka anapukutira nsapato pa pilo. Kunja amayenda atavala mataye, anthu n'kumawagwadira. Amene ndimawadziwa bwino ndi ine wochapa.

Andipatsanso mnzanga watsopano wopinda naye mashiti. Shiti yaikulu munthu mmodzi sangaipinde. Mumagwira wina uku wina uko, n'kumayenda kukakumana pakati, nkhope ndi nkhope, kuyambira m'mawa mpaka kuweruka. Wangayo ndi wochokera dziko lakutali, mutu wake amaumeta mpala, ndiye timamutcha Wometa. Akuti asanakwatire anali mmonke wa Chibuda, anthu aja amasiya zonse n'kumakhala kukachisi. Amamwetulira popanda chifukwa. Anthu otere sindiwakhulupirira.

Ndatumiza kangachepe. Wilibala musabwereke aliyense, sibwerera ndi tayala lake. Za mchimwene wanu zoti akufuna kukonza denga, mumuuze adikire ndidzaone ndekha. Munthu akayamba kudzipereka chonchi, pali chimene waona.

Ndine mwamuna wanu.

14 Epulo

Amake ana,

Moni nonse. Chimfine chinandigwira sabata latha koma chandisiya. Nsapato za wamkulu mugule zokulirapo, mapazi a mwana ameneyo akukula ngati akupikisana ndi wina.

Mwalemba kuti munaseka mpaka misozi powerenga za Wamasana, ndipo munamuwerengeranso mchimwene wanu. Zikomo kwambiri. Ine ndikuvutika kuno, inu mwapeza sewero laulere.

Imvani zatsopano. Ndayamba kupeza imvi pa pilo. Ndiye kuti ndi nkhalamba, ndipo nkhalamba yopanda khalidwe ndi yoipa kuposa mnyamata, chifukwa sidzaphunziranso. Ndikatseka maso ndimamuona bwinobwino: wamfupi, wamimba, mano achikasu, mtundu wa anthu aja amalowa m'basi anzawo asanatsike. Mkazi anamuthawa, zimenezo sindikayika. Ndani angapirire?

Ndinalakwitsa n'kumufotokozera Wometa zimenezi tikupinda. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenako tikukumana pakati pa shiti anandifunsa:

"Mano achikasuwo munawaona liti, achimwene?"

"Sindinawaone, koma ndikudziwa."

"Maso anu aona chiyani?"

"Thaulo lonyowa."

"Basi. Thaulo ndi la m'chipinda. Mimba, mano ndi mkazi wothawayo ndi za m'mutu mwanu. Munthuyo mwamuumba nokha, mukumudyetsa nokha, ndiye mukudandaula kuti wanenepa."

Mukuona zimene ndikukumana nazo? Akuti Buda wawoyo anaphunzitsa kuti mtima ndi umene umatsogola, maso amangotsatira m'mbuyo. Mtima ukadzaza chidani, aliyense amene wadutsa amaoneka mdani, ndipo mwini mtimayo amaganiza kuti ndi nzeru. Ndinamuyankha kuti chingamu cha pa shiti si cha m'mutu mwanga, ndachikanda ndekha ndi chikhadabo ichi. Anavomera kuti chingamu n'choona. Koma akuti kunena kuti anthu onse ndi nkhumba si chingamu, ndi chiweruzo, ndipo woweruzayo ndi wotopa. Kenako analoza ngolo ya mashiti imene tinali titamaliza n'kundifunsa kuti mwa onsewo, oyera bwinobwino, ongogonedwa basi, anali angati. Akuti anali ambiri kuposa akudawo, koma ine sindinawaone chifukwa sindinkawafuna.

Ndikanachoka pamenepo, koma ndinali nditagwira ngodya za shiti m'manja. Ntchito imeneyi ndi yoipa, munthu sungathe ngakhale kunyanyala.

Musaganize kuti iyeyo ndi mngelo. Amachedwa pafupifupi tsiku lililonse, amatafuna ngati mbuzi, ndipo kapitawo akamukalipira makutu ake amafiira psuu. Nditamukumbutsa zimenezo anangoti, "N'chifukwa chake ndikuphunzirabe." Munthu wovomera chilichonse ungakangane naye bwanji?

Mwafunsa ngati sandilowetsa chipembedzo chake. Musaope, sindinamete, ndipo kutchalitchi ndimapita ndikapeza mpata. Za denga ndanena kale.

Ndine bambo a ana anu.

19 Meyi

Amake ana,

Ndili bwino kupatula tulo. Ndamva kuti wamng'ono anatsekula m'mimba. Madzi akumwa muziwiritsa, musamangodalira kuti akuoneka oyera. Kuno kwayamba kuzizira, ndatulutsa jekete yanga yakale ija.

Wometa wandipatsa chimene akuti ndi mankhwala. Akuti kwawo m'mawa uliwonse munthu amakhala pansi phee n'kumafunira anthu zabwino chamumtima. Umayamba ndi iwe mwini, kenako amene umamukonda, kenako amene ulibe naye kanthu, pomaliza amene amakunyansa. Umangonena kuti akhale bwino, asavutike. Ndinamufunsa kuti zimenezo zimamusintha bwanji winayo. Akuti sizimusintha, zimasintha wonenayo. Nanga phindu lake n'chiyani? Ine amene ndikufuna asinthe ndi Wamasana.

Ndinayesabe m'basi, kuti asamati ndine wokanika. Pa ine mwini zinayenda. Pa inu ndi ana zinayenda kwambiri, mpaka ndinayang'ana pazenera kuti anthu asandione m'maso. Wopanda naye kanthu ndinasankha dalaivala, koma ndili mkati momufunira zabwino anaponda buleki mwankhanza, ine chipumi pa chitsulo, nthawi yomweyo anasamukira m'gulu lomaliza. Pofika pa Wamasana ndinangoti, akhale bwino, koma kwina.

Tsopano nkhani yeniyeni. Masiku ano ndikalowa m'chipinda madzulo n'kutseka chitseko, ndimamva kafungo ka utsi. Nyumba ino mkati mwake ndi matabwa okhaokha, ndipo a Makiyi ali ndi lamulo limodzi limene salekerera: wosuta fodya m'chipinda, katundu panja. Taganizani munthu kusutira pa matiresi amene ine ndimagonapo, bambo wa ana. Ndinapita kukawaona a Makiyi.

"Mwamuona akusuta?" anandifunsa.

"Ndimuona bwanji, bwana, poti munakonza nokha kuti tisamaonane?"

"Nanga zotsalira za ndudu? Phulusa?"

Apa ndinaona kuti ndikangonena za fungo lokha andiseka ngati mmene munandisekera inu. Ndiye ndinati phulusa ndinaliona, pa matiresi penipeni. Kunena zoona sindinalione ndi maso, koma munthu wosutira pabedi phulusa angalitaye kuti? Ndinangofupikitsa nkhani. Ndinawauzanso kuti akapanda kuchitapo kanthu ine ndichoka, ndipo akudziwa kuti m'nyumba monse muno amene sachedwa kulipira ndi ine. Anagwedeza makiyi awo n'kuti, "Ndamva." Basi, mawu amodzi omwewo.

Wometa sindinamuuze zimenezi, angayambe mafunso ake aja. Inunso kalata iyi musamuwerengere mchimwene wanu.

Ndine mwamuna wanu.

23 Juni

Amake ana,

Moni kwa nonse. Kuno kwazizira koopsa, madzi a pampopi akuluma zala. Ana asamatuluke m'mawa opanda majuzi, makamaka wamng'onoyo.

A Makiyi sanachite chilichonse. Ndinadziwa. Anthu ndi amodzi, amangosiyana nkhope. Ndasiya ngakhale kuwayang'ana ndikamadutsa pakhomo.

Choipa kwambiri n'choti Wamasana wadziwa kuti ndinakamunenera, ndipo akubwezera. Fungo likadalipo, mwinanso lawonjezeka. Imvi zachuluka, ndikuganiza amachita kuzizula dala n'kuziyala. Zenera, kuzizira konseku, lotsekula. Koma tamvani chipongwe chachikulu: bokosi lake limene linkakhala pansi pa bedi walichotsa, ndipo thaulo sakulisiyanso. Ndiye kuti akunditenga ine wakuba! Ine kuba thaulo lonunkha lija? Tsopano wayambanso kuchenjera, bedi amalisiya ndendende mmene ndinaliyalira m'mawa, kuti ndikadandaulanso ndizioneka wabodza. Ndimagona ndikumuyankha, ndimadzuka ndikumuyankha. Munthu ameneyu wandikwana.

Dzulo ndinamuuza Wometa kuti ndatopa ndi anthu, ndikanakhala wopanda ana ndikanakakhala ndekha kuphiri ngati amonke akwawo aja. Anaseka mpaka anagwetsa ngodya ya shiti. Akuti amonke sapita kuphiri chifukwa chodana ndi anthu, ndipo amene wapita ndi chidani amakalipeza khamu lonse likumudikira kumeneko, poti walinyamula m'mutu. Iye akuti anakhalapo kwayekha nthawi yaitali, kopanda munthu woti n'kumulankhula, ndipo nthawi yonseyo ankakangana ndi bambo ake amene anamwalira kalekale. Ndinamuuza kuti wanga ndi wamoyo, amasuta, ndipo amagona bedi langa.

Mwalemba kuti denga munamulola kale mchimwene wanu ndipo wamaliza. Chabwino. Mawu anga ndi mphepo basi. Tidzaona ikadzagwa mvula.

Ndine yemwe uja.

6 Julayi

Amake ana,

Moni. Thupi lili bwino. Kalatayi muwerenge nokha, ana atapita kusukulu.

Loweruka ndinapita kukalipira chipinda, ndili ndi mawu amene ndinawakonza sabata lonse. Ndisanatsekule pakamwa, a Makiyi anati kuyambira mwezi uno ndizilipira bedi lonse, chifukwa atopa kudikira munthu wina wa masana.

"Wina uti?" ndinafunsa. "Nanga amene alipoyu?"

"Alipo ndani? Uja ndinamuchotsa m'mawa mwake mutandiuza za phulusa. Kuyambira pamenepo masana m'chipinda chanu simulowa munthu."

"Nanga bwanji simunandiuze?"

"Ndikanakuuzani bwanji? Mumandidutsa pakhomo ngati ndine chitsa."

Ndinakwera masitepe, ndinatsekula chitseko, fungo lija n'kundilandira ngati kale. Ndinakhala pabedi, ndinavula jekete, ndipo sindidziwa chinandichititsa n'chiyani, ndinanunkhiza mkono wake. Amake ana, ndi jekete yanga. Chiyambireni kuzizira ndimaipachika pafupi ndi ng'anjo yotenthetsera madzi kuntchito kuti poweruka ikhale yofunda. Panja fungolo silimveka, limamveka ndikadzitsekera nayo m'kachipinda aka. Zenera ndinaliyang'anitsitsa: kachitsulo kotsekera kanamasuka, wina akamenyetsa chitseko chapansi limatsekuka lokha.

Lolemba ndinamuuza Wometa zonse, za phulusa zomwe. Sanaseke. Ndinamufunsa kuti nanga imvi. Anati, "Achimwene, kumbuyo kwa mutu wanu kwayera. Ndimakuona tsiku lililonse mukawerama." M'chipinda muno mulibe galasi, ndipo inu simuli pano kuti mundiuze.

Kalata imene ndinakulemberani mwezi watha ija muiotche. Mwezi wonse ndakhala ndikukangana ndi matiresi. Ndinkamukonzera mayankho, kumuchititsa manyazi pamaso pa a Makiyi, kumva mmene akundisekera, munthu woti kulibe. Bokosi lake linachoka chifukwa mwini wake anachoka, ine n'kumati wandinyoza. Koma thaulo lonyowa la poyamba lija linali loona, limenelo musandilande.

Chimene chikundidya si manyazi ayi. N'choti munthu ameneyu ndinamutulutsa panja kukuyamba kuzizira, ndipo wogwira ntchito usiku malo ogona masana sawapeza wamba. Anthu ambiri safuna mlendo m'nyumba iwo atachoka. Sankasuta. Ndalemba mawu amenewa n'kuwayang'ana nthawi yaitali. Sankasuta, ndipo amene ananena kuti anaona phulusa ndi ine.

Mwezi uno zimene nditumize zichepa. Muyambe ndi za sukulu, zina zidikire.

Ndine mwamuna wanu.

27 Julayi

Amake ana,

Ndikhulupirira nonse muli bwino. Ine ndikutsokomola pang'ono, koma sizoopsa. Kalata yanu yafika, ndipo sinanditengere nthawi kuwerenga. Mwangoti ndimusake ndikamupepese. Kunena n'kosavuta muli kumeneko.

Ndinafunsa a Makiyi kumene amagwira ntchito. Sakudziwa bwino, mwina ulonda, mwina kutsitsa katundu kumsika waukulu. Nambala imene anawasiyira sikugwiranso. Ndinafunsa maonekedwe ake. Akuti wamtali, woonda, wamng'ono kwa ine, wosalankhulalankhula. Mimba palibe, imvi palibe. Anthu otero mumzinda muno ndi theka.

Ndiye onani chilango changa. M'mawa ndikamapita kuntchito ndimakumana ndi anthu ochokera ku ntchito za usiku, maso ofiira, manja m'khwapa. Kale ndinkangowadutsa ndi phewa. Tsopano aliyense wamtali woonda angakhale iyeyo, ndiye ndimapereka moni, ndimapatuka panjira, m'basi ndimapereka mpando. Zikutopetsa! Ena amayankha, ena amagwira matumba awo ngati ndikufuna kuwabera. Wina analavula pafupi ndi nsapato yanga, ndinatsala pang'ono kumutsanulira mawu onse amene ndimawadziwa, kenako ndinaganiza kuti bwanji ngati ndi iyeyo. Ndinameza. Sindingathenso kudana ndi munthu mwamtendere.

Lamlungu masana ndinapeza wina atagona pa benchi ku depoti ya mabasi, jombo kumapazi, jekete kumutu. Ndinazungulira benchiyo kangapo, kenako ndinamugwedeza phewa.

"Pepani achimwene, munagonapo kunyumba ya a Makiyi?"

"Makiyi ake ati? Wandidzutsira zimenezo? Choka apa, galu iwe!"

Ndinachoka. Ameneyo anali wamwano weniweni, osati wa m'mutu mwanga. Komabe milomo yake inali itang'aluka ndi mphepo, ndipo ndikuchoka ndinaona akuvutika kubweza jekete kumutu chifukwa zala zinauma. Kale zimenezo sindikanaziona, ndikanangomva galuyo basi.

Wometa ndinkayembekeza kuti anena kuti anandiuza. Sananene, ndipo zimenezo zikundikwiyitsa koposa. Tsiku lina ndinamuuza kuti tsopano ndazindikira, anthu ndi abwino, woipa ndi ine. Anapukusa mutu.

"Mwangotembenuza shiti, banga ndi lomwelo. Dzulo munkadana ndi anthu onse, lero mukudana ndi mmodzi. Ife sitiphunzitsidwa kuti anthu ndi abwino, kapena kuti ndi oipa. Timaphunzitsidwa kuti akuvutika, ndipo wovutika amaponda anzake osaona."

"Ndiye ndichite chiyani?"

"Gwirani ngodya yanu, shiti ikukhudza pansi."

Mchimwene wanu mumuthokoze chifukwa cha denga. Musawonjezere mawu, mungoti ndathokoza.

Ndine bambo a ana anu.

17 Ogasiti

Amake ana,

Moni kwa inu ndi ana, ndi kwa amayi. Chifuwa chatha. Ndili ndi pempho, ndiye muwerenge mpaka kumapeto musanapse mtima.

Lachinayi a Makiyi anandiitana. Apeza munthu wina wa masana, wokonzeka kulowa nthawi ina iliyonse. Akalowa, ine ndibwerera pa theka, ndipo zimene ndimatumiza zibwerera mwakale. Ndikanayenera kusangalala. M'malo mwake ndinawafunsanso ngati amva chilichonse za uja. Anausa moyo, anasankha kiyi pa mulu wawo, n'kutsekula kachipinda kosungiramo katundu ka pansi pa masitepe. Muli chikwama chakuda, chomangidwa ndi chingwe pamene zipi inaduka. Akuti ndi chake. Anachisiya n'kunena kuti adzachitenga akapeza malo. Mpaka lero chili pomwepo, ndiye mukudziwa nokha tanthauzo lake.

Tili chiimire pamenepo a Makiyi anandiuza zimene sanandiuze poyamba.

"Tsiku lija anandivuta kwambiri mnzanuyo. Fodya anakana, koma zimenezo aliyense amakana. Nditamuuza kuti wanena ndi mnzake wausiku, anandiyang'ana m'maso n'kuti ndikunama. Anakamenya chitseko cha chipinda choyandikana nacho, akuti wamunamizira ndi wa mmenemo. Akuti wausiku ndi bambo wabwino. Munthu wopinda bulangeti mwaulemu chonchija, wopachika chithunzi cha ana ake kumutu kwa bedi, sanganamizire mnzake. Akuti akafika m'mawa atatopa, ankayamba wawapatsa moni anawo asanagone."

Amake ana, ana athu. Chithunzi chija munanditumizira atavala yunifolomu. Ine ndikumuumbira mano achikasu, iye akupereka moni kwa ana anga.

Nditamufotokozera Wometa, tinamaliza kupinda shiti, kenako anati, "Nayenso sanakuoneni. Anaumba wakewake." Munthu ameneyu ngakhale chitonthozo amachipereka chozizira. Koma akunena zoona. Bulangeti ndimalipinda choncho chifukwa ndi ntchito yanga, manja amangochita okha. Bambo wabwino amene iye akumudziwayo sanagonepo m'chipinda muno.

Pempho langa ndi ili. Ndawauza a Makiyi kuti munthu watsopanoyo adikire, ndikufuna ndizilipira bedi lonse mpaka mwini chikwama adzabwere. Akuti ndapenga, ndipo mwina akunena zoona. Andipatsa mpaka kutha kwa mwezi kuti nditsimikize. Sindingatsimikize ndekha, chifukwa amene adye zochepa ndi inu ndi ana, osati ine. Sindikudziwa kuti zitenga nthawi yaitali bwanji. Mukakana ndimva, ndipo sindikunenani.

Mukavomera, a Makiyi alonjeza kuti mwini chikwamayo akadzangofika adzandiimbira kuntchito n'kumupatsa kiyi. Tsiku limenelo kapitawo adzakalipe mmene angathere, ine ndidzasiya shiti m'manja mwa Wometa. Ndikufuna ndidzamupeze asanagone, ndimuuze ndi pakamwa panga kuti a Makiyi sananame.

Ndiyankheni msanga.

Ndine mwamuna wanu.